Ndani Adapha Rozafa?

Pakati pa ife okonda zolembalemba pali matenda awiri, ndipo onse ndi opatsirana. Ena mwa ife akamva nthano za makolo, za mfiti ndi za njoka zokhala m'mapiri, amalavula malovu n'kunena kuti ndi zachikunja, za anthu osapita kusukulu, zoyenera kukatayidwa kudzala. Ena akangomva mawu akuti "chikhalidwe" amavula chipewa n'kugwada, ndipo aliyense woyerekeza kufunsa funso amamutcha wozunguzika ndi mabuku. Ine ndikutsutsana ndi magulu onse awiriwa. Umboni wanga ndikukautenga kutali, m'dziko la Albania, chifukwa kumeneko matenda awiriwa adafika posauzana, ndipo zotsatira zake zidalembedwa moti palibe angazikane.

Albania ndi kadziko kamapiri kakummwera chakum'mawa kwa Ulaya, koyang'anizana ndi Italy kutsidya kwa nyanja ya Adriatic. Kukula kwake kungalowe kanayi m'dziko la Malawi, ndipo kalembera wa mu 2023 adapeza anthu pafupifupi 2.4 miliyoni. Anthu ena ambiri olankhula Chialubaniya ali ku Kosovo, North Macedonia ndi Montenegro. Kwa zaka pafupifupi 500 anthuwa adali pansi pa ulamuliro wa Aturuki, mpaka adalengeza ufulu wawo pa 28 Novembala 1912. Buku lawo loyamba kudindidwa lomwe likudziwika ndi la mapemphero, la wansembe Gjon Buzuku, la mu 1555, koma zilembo zoti onse azigwiritsa ntchito adagwirizana mu 1908. Choncho kwa mibadwo yambiri mbiri yawo, malamulo awo ndi mantha awo zidasungidwa pakamwa. Asilamu ndi Akhristu omwe adali kukhulupirira za shtriga, mfiti yaikazi yosanduka ntchentche kapena gulugufe wausiku n'kukayamwa magazi a makanda. Onse adali kuopa kulshedra, chinjoka cha mitu yambiri chouma nacho akasupe ndi chodzetsa namondwe, chofananako ndi Napolo wathu. Onse adali kukhulupirira kuti pali ana ena obadwa ndi timapiko m'khwapa, otchedwa drangue, amene mvula ya mabingu ikayamba amapita kukamenyana ndi chinjokacho. Anthu amenewa nthano ankapuma nazo ngati mpweya.

Nthano yomwe ndaikokera pabwalo lero ndi ya linga la Rozafa, lomwe mpaka pano lili paphiri moyang'ana mzinda wa Shkodër, pafupi ndi pokumanira mitsinje ya Buna ndi Drin. Akuti anyamata atatu a bere limodzi adali kumanga lingalo, koma zomwe amanga masana zinkagwa usiku. Tsiku lina kudadutsa nkhalamba yomwe idawauza kuti khomalo silidzaima pokhapokha atamangirira m'kati mwake munthu wamoyo, ndipo munthuyo akhale mkazi wa mmodzi mwa iwo, amene adzawabweretsere chakudya mawa lake. Atatuwo adalumbirirana kuti palibe akaulule kunyumba. Lumbiro lotere kwawoko amalitcha besa, mawu amene munthu sangawabweze ngakhale patavuta chotani. Koma akulu awiri aja, usiku womwewo, adanong'oneza akazi awo. Wamng'ono yekha ndiye adasunga pakamwa. Kutacha, apongozi atafuna wotumiza ndi chakudya, akazi a akulu aja adapeza zifukwa zozembera. Adanyamula dengu ndi Rozafa, mayi wa khanda loyamwa. Atauzidwa zomwe zimudikira, adapempha chinthu chimodzi: kuti pomanga amusiyire kunja bere lakumanja loyamwitsira mwana, diso lakumanja lomuonera, dzanja lakumanja lomusisitira ndi phazi lakumanja logwedezera kabedi kake. Adammangirira, khoma lidaima. Anthu amati madzi oyererera omwe amadontha m'miyala ya njereza ya lingalo ndi mkaka wake, ndipo amayi ena ankawapaka kumawere kuti mkaka uchuluke.

Tsono tamverani momwe ogwadira chikhalidwe amaifotokozera nthanoyi. Amati ndi nkhani ya mayi wachikondi amene adadzipereka kuti mzinda uime, chitsanzo cha mkazi wokhulupirika, chizindikiro chakuti fuko limamangidwa pa nsembe. Dzina lake lili pa mahotela ndi pa malonda, amayi amatcha ana awo dzinali, ndipo alendo okaona lingalo amajambulitsa pafupi ndi chosema chake. Ine ndikuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Rozafa sadadzipereke. Adaperekedwa. Pamene amuna atatu ankapangana za moyo wake iye kunalibe, ndipo palibe adamufunsa. Adachoka pakhomo akudziwa kuti akukapereka chakudya kwa mwamuna wake ndi alamu ake. Munthu wozingidwa ndi amuna atatu onyamula miyala, akapempha kuti amusiyireko bere loyamwitsira mwana, sitinganene kuti wavomera. Wangoona kuti kukana sikumupulumutsa, ndipo akupulumutsa chomwe angathe. Mlandu uwu utabwera pabwalo la mfumu iliyonse yanzeru, dzina lake lingakhale limodzi: kupha munthu mochita kupangana.

Chondisangalatsa n'chakuti nthanoyo payokha ikudziwa zimenezi kuposa oitamanda. Taonani momwe idagawira malipiro. Amene adaswa lumbiro akazi awo adapulumuka. Amene adasunga lumbiro ndiye adataya mkazi, mwana wake n'kusanduka wamasiye. Kodi anthu amene ankafuna kungophunzitsa ana kuti kusunga pangano n'kwabwino akadapeka nthano yotere? Akadapereka mphotho kwa wokhulupirikayo. Amene adaipeka, ndipo ine ndimaganiza kuti ambiri mwa iwo adali amayi oimbira ana, adaika funso loluma m'kati mwake: nanga pangano likakhala loipa, wolisunga ndi ngwazi kapena chitsiru? Nanga mwamuna wosunga chinsinsi cha abale ake n'kusiya mkazi wake alowe m'dzenje, wasunga ulemu wa yani? Mkaka wodontha pakhoma uja ndi umboni woti mlanduwo sudathe, monga magazi a Abele ofuula kuchokera m'nthaka.

Nthano imeneyi siili ku Albania kokha. Aserbia ali nayo yonena za linga lomweli, Agiriki amaiimba ponena za mlatho wa Arta, ndipo ku Romania ndi ya mmisiri Manole amene adamangirira mkazi wake m'khoma la nyumba ya amonke. Vuk Karadžić atasindikiza ya Chiserbia, Jacob Grimm, mmodzi wa abale awiri otola nthano a ku Germany, adaikonda kwambiri, pomwe mlakatuli Goethe adanyansidwa nayo poiona ngati yankhanza ndi yachikunja. Matenda athu awiri aja ndi akale chomwecho, ndipo amagwira ngakhale akatswiri.

Ndikudziwa chomwe ogwadira chikhalidwe andiyankhe. Anena kuti ndikunyoza besa, pomwe besa yomweyo idapulumutsa miyoyo. Pamenepo akunena zoona ndithu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mabanja a ku Albania, ambiri a iwo Asilamu, adabisa Ayuda m'nyumba zawo, kuwaveka zovala zakumudzi ndi kukana kuwapereka kwa Ajeremani, chifukwa mwambo wawo umati mlendo amene wamulandira uyenera kumuteteza ndi moyo wako. Nkhondo itatha, m'dzikomo mudali Ayuda ambiri kuposa momwe adaliri isadayambe, chinthu chosowa kwambiri m'maiko omwe adalandidwa ndi Hitler. Anenanso za nthano ya Kostandin, mnyamata amene adalonjeza mayi ake kuti akalola mlongo wake Doruntina kukwatiwa kutali, iye adzakamtenga tsiku lililonse lomwe mayiwo adzamufune. Kostandin adafa pamodzi ndi abale ake onse, koma mayi ake atakalira pamanda n'kumukumbutsa lonjezo lija, adadzuka, n'kukwera hatchi usiku, n'kukamtenga mlongo wake, n'kumusiya pakhomo, iye n'kubwerera kumanda. Ndi nthano yokoma zedi, ndipo ndimavomereza kuti fuko lokhulupirira kuti lonjezo limadzutsa wakufa lili ndi chuma chomwe ena tikuchisowa.

Komatu mpeni womwe umasenda mbatata ndi womwewo umacheka chala. Besa ndi msana wa malamulo a makolo a kumapiri a kumpoto, otchedwa Kanun ya Lekë Dukagjini, dzina la mfumu ina ya m'zaka za m'ma 1400. Malamulowa adayenda pakamwa mpaka wansembe Shtjefën Gjeçovi adawatola mudzi ndi mudzi. Iye adaphedwa mu 1929, ndipo buku lake lidatuluka mu 1933, lili ndi ndime zoposa 1,200. Muli zabwino zambiri zokhudza malire a minda, madzi, msipu ndi kulandira alendo. Koma m'buku lomwelo mkazi salowa chuma cha bambo ake ngakhale cha mwamuna wake. Makolo a mkwatibwi ankapereka chipolopolo kwa mkamwini, kutanthauza kuti mwana wawo akadzachita chigololo kapena kupereka mlendo kwa adani, mkamwiniyo atha kumuombera popanda mlandu. Mtsikana wokana mwamuna amene adamusankhira, kapena wa m'banja lomwe ana aamuna atha, njira yake idali kulumbira pamaso pa akuluakulu 12 kuti sadzakwatiwa moyo wake wonse. Akatero ankameta tsitsi, kuvala zachimuna, kunyamula mfuti n'kuyamba kuwerengedwa ngati mwamuna. Amayi otere amatchedwa burrnesha, ndipo Edith Durham wa ku England adalemba za iwo m'buku lake la High Albania la mu 1909. Atolankhani a masiku ano amakonda kuwajambula ngati chodabwitsa chokongola. Ine ndimaona mtengo wa ufulu umene mtsikana ankalipira: kuti aziyenda momasuka ndi kulankhula pabwalo, ankayenera kuyamba wakwirira ukazi wake. Ameneyo ndi Rozafa wina, womangiriridwa m'khoma la zovala.

Pamwamba pa zonse pali gjakmarrja, kulipsira mwazi. Munthu akaphedwa, abale ake ankakakamizika kupha mwamuna wa kubanja la wakuphayo, enawo n'kubwezeranso, mpaka mibadwo. Zonse zinkayenda mwa dongosolo lake. Wakupha ankapempha besa ya maola 24, n'kukakhala nawo pamaliro a munthu amene wamupha, n'kudya nawo chakudya cha pamaliropo. Mudzi unkatha kumupemphera masiku ena 30. Akatha masikuwo, ankadzitsekera m'nyumba kapena m'nsanja yamiyala yotchedwa kulla, yonga yomwe ikadalipo m'mudzi wa Theth, popeza munthu saphedwera m'nyumba mwake. Minda inkalimidwa ndi amayi, amuna ali chibindikire kudikira imfa. Amene amati chikhalidwe sachifunsa mafunso abwere adzatiuze kuti ana a m'nyumba zimenezo adalakwa chiyani.

Apa a gulu loyamba lija ayamba kuomba m'manja, akuti ndafika kwawo. Dikirani, abale anga, chifukwa mankhwala anuwo adayesedwa kale ku Albania komweko, ndipo adayesedwa mokwanira kuposa kwina kulikonse. Enver Hoxha adalamulira dzikolo ndi dzanja lachitsulo kuyambira 1944 mpaka imfa yake mu 1985. Mu 1967 boma lake lidatseka matchalitchi, mizikiti ndi malo ena opembedzera oposa 2,000. Tchalitchi chachikulu cha Akatolika ku Shkodër chidasanduka holo ya masewero, ndipo malamulo oyendetsera dziko a mu 1976 adanena poyera kuti boma silivomereza chipembedzo chilichonse. Kanun idaletsedwa ngati mwambo wotsalira. Olipsira mwazi ankalangidwa koopsa, mabanja awo n'kusamutsidwa. Sindikana kuti zina zidapindula: atsikana adalowa sukulu, kutomera ana aang'ono kudachepa, ndipo kuphana kwa mabanja kudatsala pang'ono kutheratu.

Koma taonani zomwe boma lomwelo lidachita ndi nthano. Chaka chotsatira, mu 1968, lidayambitsa chikondwerero chachikulu cha nyimbo ndi magule a makolo mu mzinda wa Gjirokastër, kwawo kwa Hoxha. Zovala zamakolo zidachapidwa, oimba adakwezedwa pansanja, ndipo nyimbo zambiri zidapatsidwa mawu atsopano otamanda chipani ndi mtsogoleri. Amene adatola nyimbo zenizeni adaona zakuda. Ansembe awiri, Bernardin Palaj ndi Donat Kurti, ndiwo adasindikiza mu 1937 nyimbo zakale za ngwazi Muji ndi Halili, zomwe amuna a kumapiri ankaimba ndi lahuta, choimbira cha chingwe chimodzi chonga kaligo. Palaj adafera m'manja mwa boma atamangidwa, ndipo Kurti adakhala m'ndende zaka zambiri. Mabuku a mlakatuli Gjergj Fishta, amene adalemba ndakatulo yake yaitali potsata kaimbidwe ka lahuta, adaletsedwa. Boma lidafuna chikopa cha nthano, nyama yake n'kutaya. Pamenepa m'pamene ndimaonera kuti woletsa chikhalidwe ndi wochigwadira ndi pachibale: onse awiri safuna kuti nthano ilankhule zomwe iwo sadakonze.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo ndimadziwa zomwe chikalata chokhala ndi chidindo chingathe ndi zomwe sichingathe. Chingatseke chitseko, chingachotse munthu pantchito, koma sichingalowe m'mutu mwa gogo amene akunong'oneza mdzukulu wake usiku kuti agogo ako aamuna adaphedwa ndi a banja lakuti. Ulamuliro wa chikomyunizimu utagwa mu 1991, boma lidafooka, mikangano ya malo idabuka, ndipo kulipsira mwazi kudabwerera. Mu 1997, makampani achinyengo osungitsa ndalama atagwa ndi chuma cha anthu, dziko lidasokonekera, nyumba zosungiramo zida zidathyoledwa, mfuti zikwizikwi n'kulowa m'midzi. Choipa kwambiri n'chakuti mwambowu udabwerera wopanda mabuleki ake. Kanun yakale inkaletsa kupha amayi, ana ndi ansembe, ndipo idali ndi akuluakulu odziwa kuyanjanitsa. Mbadwo womwe udakula osaloledwa kuikambirana udangokumbukira mbali yobwezera. Ana ena adaleka sukulu n'kubindikira m'nyumba, ndipo mu 2013 boma lidachita kukhwimitsa chilango cha mlanduwu kufika zaka zosachepera 30 kapena moyo wonse m'ndende. Ngakhale zikhulupiriro zing'onozing'ono zidatulukanso. M'zaka za m'ma 1990, anthu atayamba kumanga nyumba zawozawo, pa nyumba zambiri zosatha padaoneka zidole ndi adyo zopachikidwa kuti zitchinjirize diso la kaduka. Zaka zoposa 20 za dziko lopanda Mulungu sizidaphe diso loipa. Zidangoliphimba ngati moto wa mankhusu.

Nanga tsono njira ndi iti? Aalubaniya omwewo adationetsa, kudzera mwa anthu awiri a zolembalemba. Woyamba ndi Ismail Kadare, wobadwira ku Gjirokastër mu 1936, amene adakhala woyamba kulandira mphotho ya Man Booker International mu 2005 ndipo adamwalira mu 2024. Iye nthano za kwawo adazitenga ngati mboni zofunika kuzipanikiza ndi mafunso. M'buku lake la mu 1978 lonena za mlatho wa zipata zitatu, munthu amangiriridwa mu mlatho, ndipo wowerenga amazindikira kuti nthano yakale ya nsembe ikugwiritsidwa ntchito ndi anthu a malonda kuphimba kupha kwawo. M'buku lina adatenga nthano ya Kostandin n'kuisandutsa kafukufuku wa mlandu, wapolisi akufunsa kuti kwenikweni adabweretsa Doruntina ndani. M'buku la Broken April adatiyendetsa ndi mnyamata amene wapha chifukwa chokakamizidwa ndi mwambo, akuwerenga masiku 30 omwe amutsalira. Adalemba zonsezi Hoxha ali moyo, ndipo owerenga anzeru ankamva kuti khoma lofuna munthu wamoyo kuti liime likunenanso za boma lawo.

Wachiwiri ndi Anton Çetta wa ku Kosovo, mphunzitsi amene adatha moyo wake akuyenda m'midzi kutola nthano. Mu 1990, pamene Aalubaniya a ku Kosovo adali pa mpanipani wa boma la Slobodan Milošević, ophunzira ndi ena omwe adali atatuluka m'ndende za ndale adayambitsa ntchito yoyanjanitsa mabanja odana, ndipo adapempha mkuluyu, ali ndi zaka 70, kuti awatsogolere. Iye adalibe apolisi kapena chidindo. Ankalowa m'nyumba, n'kukhala pansi ndi eni maliro, n'kulankhula nawo m'chinenero cha mwambo womwewo, powakumbutsa kuti Kanun imadziwanso kukhululuka, ndi kuti kukhululukira mwazi kumafuna chamuna choposa kukoka mfuti. Pa 1 Meyi 1990, pamalo otchedwa Verrat e Llukës, padasonkhana anthu oposa 100,000, ndipo abambo ndi amayi ankaimirira mmodzimmodzi kulengeza kuti akhululukira mwazi wa mwana wawo kapena wa mbale wawo. Milandu ya mwazi pafupifupi 1,000 idathetsedwa pa ntchito imeneyi. Wotola nthano adachita ndi pakamwa zomwe ndende za maboma zidalephera, chifukwa ankaudziwa mwambowo mpaka kumizu, ndipo sankauopa.

Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti kaimbidwe ka mawu ambiri ka kummwera kwa Albania ndi chuma cha anthu onse, ndipo pa mndandanda wa chaka chomwecho padali Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Tidakhala pa mphasa imodzi ndi Aalubaniya tsiku limenelo, ndiye chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Satifiketi ya UNESCO imateteza gule kuti asafe, koma siyankha funso lakuti m'miyambo yomwe tikusungayo ndani akulira. Funso limenelo ndi lathu alembi. Tikamalemba nthano kuti tingosangalatsa alendo ndi kukometsera mabuku a sukulu, tikuchita ntchito ya amene adakonza chikondwerero cha ku Gjirokastër. Tikamazinyoza kuti tioneke ophunzira, tikusiya mfuti yodzaza m'manja mwa anthu amene sadzamva mbali yake yoletsa.

Choncho pa funso lomwe lili pamutu pa nkhani ino, yankho langa ndi ili. Rozafa adaphedwa ndi alamu ake awiri amene adanama, ndi mwamuna wake amene adakhala chete, ndi nkhalamba yomwe idanena kuti khoma limafuna munthu popanda wina woifunsa kuti yazitenga kuti. Ndipo amaphedwanso nthawi iliyonse pamene wina afotokozera ana nthanoyi n'kumaliza ndi mawu akuti mkazi wabwino amatero. Nthanoyi isimbidwe ndithu, m'Chialubaniya, m'Chichewa ndi m'zinenero zonse, osachotsapo kanthu. Koma wosimbayo akafika pamene mwala womaliza ukuikidwa, aime kaye, ayang'ane ana ali pamotowo, awafunse kuti mwa amuna atatu aja ndani akadayenera kugwetsa khomalo.